Manambala Akavala Chithunzi: Ndemanga ya Buku la Data Visualization in Society

Buku la Data Visualization in Society linatuluka mu 2020 ku Amsterdam University Press, ndipo akonzi ake ndi a Martin Engebretsen a ku University of Agder, ku Norway, ndi a Helen Kennedy a ku University of Sheffield, ku England. Linafika pa nthawi imene dziko lonse linali maso pa magalafu. Mliri wa Covid-19 unali utangobuka, ndipo anthu amene anatsanzikana ndi galafu tsiku limene analemba mayeso omaliza a masamu anayamba kudzuka m'mawa uliwonse n'kuona ngati mzere wa odwala wakwera kapena watsika. Mapu a madontho ofiira a ku Johns Hopkins University anali ponseponse. Mitu ya m'bukuli inalembedwa mliriwo usanabwere, komabe funso limene olemba ake akulimbana nalo ndi lomwe linkafunika kwambiri masiku amenewo: manambala akasandutsidwa chithunzi, chithunzicho chimatichita chiyani ife ochiona?

Bukuli ndi chipatso cha mgwirizano wa akatswiri ofufuza a m'mayiko angapo. Gwero lake ndi ntchito ya kafukufuku yotchedwa INDVIL, imene inkayendetsedwa kuchokera ku University of Agder ndi thandizo la Research Council of Norway, koma akonzi anaitananso anzawo a kutali kuti adzaponyepo mawu. M'mitu yake 26, kuphatikizapo wotsegulira, mukumveka anthu ogwira ntchito ku Norway, Britain, Netherlands, Finland, Switzerland, Spain, United States ndi South Africa. Ntchito zawo n'zosiyana: alipo ophunzitsa utolankhani, akatswiri a chilankhulo, ojambula mapu, ofufuza za kakhalidwe ka anthu, ngakhalenso odziwa za malamulo. Mawu oyamba analemba ndi a Alberto Cairo a ku University of Miami, omwe atolankhani ambiri amawadziwa chifukwa cha buku lawo la How Charts Lie. China choyamikirika n'chakuti bukuli, lomwe lili ndi masamba oposa 400, likupezeka kwaulere pa intaneti mwa chilolezo cha osindikiza. Wophunzira aliyense akhoza kulitsitsa osalipira kanthu kupatula bandulo.

Owerenga asayembekezere kuti aphunziramo kajambulidwe ka tchati pa kompyuta. Mfundo imene yamanga mitu yonse pamodzi ndi yakuti galafu, tchati kapena mapu amapangidwa ndi munthu, ndipo munthuyo amasankha. Amasankha choti awerenge ndi choti asiye, pamene mzere uyambire, mtundu umene apake, mawu amene alembe pamwamba. Ntchito ikatha, chithunzi chimatuluka choyera bwino, chopanda zizindikiro za zala za amene anachiumba, moti wochiona amachikhulupirira kuposa mmene akanakhulupirira mawu a pakamwa. A Kennedy anayamba kale kufufuza zimenezi. Mu 2016, iwo pamodzi ndi a Rosemary Lucy Hill, a Giorgia Aiello ndi a William Allen anasonyeza zizolowezi zinayi za ojambula zimene zimapatsa chithunzi nkhope ya choonadi chosatsutsika: kuonetsa zinthu mwafulati, kusiya malo oyera osadzadzamo zambiri, kugwiritsa ntchito mizere ndi timabokosi tolongosoka, ndi kulemba m'munsi kumene manambala achokera. Chomalizachi n'chodabwitsa. Kutchula gwero ndi khalidwe labwino ndithu, koma ndi ochepa amene amapita kukaliona gwerolo. Tikangoona dzina la bungwe m'munsi mwa tchati, mtima umakhala pansi.

Apa ndi pamene bukuli landikhutiritsa kwambiri, chifukwa silithamangira kunena kuti ojambula ndi akathyali. Tonse timamudziwa wogulitsa chimanga amene chidebe chake anachiphwanya pansi kuti chizidzadza msanga, ndipo magalafu otero aliko, monga aja oyambira mzere pakati kuti kusiyana kwakung'ono kuoneke kwakukulu. Koma olemba ambiri m'bukuli ali ndi chidwi ndi nkhani yovuta kuposa imeneyo: wojambula woona mtima, amene sanabe nambala ngakhale imodzi, nayenso amatsogolera maso athu kwina n'kuwachotsa kwina.

Mutu umene ukusonyeza mfundoyi momveka bwino kwambiri ndi wa a Britta Ricker, a Menno-Jan Kraak ndi a Yuri Engelhardt. Atatuwa atenga ziwerengero za United Nations zoyeza kusiyana kwa mwayi pakati pa amuna ndi akazi m'mayiko, n'kuzijambula pa mapu m'njira zosiyanasiyana. Manambala ndi omwewo, koma mapu aliwonse akusimba nkhani yakeyake. Mukagawa mayiko m'magulu mwa njira ina, dziko limene linali pakati limagwera m'gulu la otsalira. Mukasintha mitundu, vuto limene linkaoneka loopsa limazirala. Ndiye pali nkhani ya kukula kwa malo: diso limathamangira dziko lalikulu ngakhale likhale la anthu ochepa, pamene dziko laling'ono lodzaza ndi anthu, monga Rwanda kapena Malawi, limangokhala kachidutswa kofuna kuchita kusuzumira. Amene anaphunzira ndi mapu a Mercator, amene anapangidwa mu 1569 kuti athandize oyenda panyanja, akukumbukira mmene Greenland amaonekera ngati wofanana ndi Africa, chikhalirecho Africa ndi wamkulu kuwirikiza ka 14. A Kraak anatsogolerapo bungwe la ojambula mapu la International Cartographic Association, ndipo luso lawo likuonekera: mutuwu sukulalikira, ukungokuikirani mapu patsogolo kuti mudzionere nokha.

Mutu wa a Jonathan Gray a ku King's College London ukutengera owerenga kwina. Iwo aunika mafilimu awiri a Neil Halloran, The Fallen of World War II ya 2015 ndi The Shadow Peace ya 2017. M'filimu yoyambayo, kachithunzi kamodzi ka munthu kakuimira anthu 1,000 amene anafa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo tizithunzito timaunjikana n'kupanga mizati. Mzati wa asilikali a Soviet Union umakwera, n'kukwerabe, mpaka woonera amasowa mtendere pampando. Pa mizatiyo palibe mtembo, palibe magazi, koma anthu ambiri amene anaonera filimuyi inawakhudza mtima. A Gray akufunsa chimene timapindula tikaona moyo ndi imfa tili patali chonchi, ndi chimene timataya. Timapindula kuzindikira kukula kwa tsoka, chinthu chimene nkhani ya munthu mmodzi singatipatse. Timataya nkhope, mayina, ndiponso nthawi zina funso lakuti analakwa ndani. Kwa amene amaganiza kuti manambala ndi ozizira, mutuwu ndi yankho lokwanira.

Gawo lomaliza la bukuli likukamba za kusiyana kwa mphamvu pakati pa anthu, ndipo kupatula mutu wa mapu uja wa a Ricker ndi anzawo, lili ndi mitu ina iwiri yoyenera kuitchula. A Rosemary Lucy Hill atenga nkhani yovuta ya kuchotsa pakati n'kuunika zithunzi za ziwerengero zimene zimafalitsidwa pa intaneti pa mkanganowu, makamaka za magulu otsutsa. Chimene akuonetsa n'chakuti mayi mwini pakati, zifukwa zake ndi mmene moyo wake ulili, kawirikawiri sizionekamo. Owerenga akhoza kusiyana nawo maganizo pa nkhani yeniyeniyo, ndipo ambiri adzasiyana nawo, koma funso lawo lakuti "wasowa ndani pa chithunzichi?" ndi lothandiza pa tchati ya nkhani iliyonse. A Anna Berti Suman akulemba za utsi umene umaphimba Southeast Asia nkhalango ndi madambo a ku Sumatra ndi Kalimantan zikamapsa, monga zinachitikira moopsa mu 2015, pamene utsiwo unafika ku Singapore ndi Malaysia. Moto wambiri umayatsidwa poswa mphanje za minda ikuluikulu. Mutuwu ukusonyeza mmene mapu opangidwa ndi anthu osakhala a boma amaikira poyera zoopsa zimene andale akanakonda kuti zisatchulidwe. Apa chithunzi chili m'manja mwa ofooka, ndipo akonzi anachita bwino kuika mutu wotere kuti bukuli lisangokhala lokayikira zithunzi basi.

Pali mitu ina yofatsa imene inandisangalatsa chifukwa ikutsika kufika pa moyo wa tsiku ndi tsiku. A Eef Masson ndi a Karin van Es akulemba za Buienradar, pulogalamu ya ku Netherlands yoonetsa kumene mvula ili ndi kumene ikulowera, imene anthu amayang'ana asanakwere njinga. A Jill Simpson akujambula ndi manja zochitika za m'moyo wawo ndi vuto la m'maganizo lokakamiza munthu kubwerezabwereza zinthu, ndipo akufunsa ngati chithunzi chojambula pamanja, chokhotakhota, sichinena zoona kuposa chosalala cha pa kompyuta. Ntchito yawo ikukumbutsa Dear Data, pamene Giorgia Lupi ndi Stefanie Posavec ankatumizirana mapositikhadi a ziwerengero za moyo wawo pakati pa New York ndi London kwa masabata 52. A Mikael Snaprud ndi a Andrea Velazquez akufufuza ngati masamba a pa intaneti a maofesi a ziwerengero a mayiko a ku Ulaya ali otheka kuwagwiritsa ntchito kwa anthu olumala, monga osaona. Ndi funso losavuta, koma opanga matchati ambiri salifunsa.

Gawo lachitatu, la maphunziro, ndilo mtima wa bukuli m'kuona kwanga, chifukwa ndi mmene olemba akuoneka kuti akuyankhana. A Elise Seip Tønnessen akuunika mmene ana a sekondale ku Norway amawerengera magalafu m'kalasi. A Catherine D'Ignazio ndi a Rahul Bhargava, amene anapanga zipangizo zaulere zophunzirira za DataBasic, akunena kuti kuphunzitsa anthu kuwerenga ziwerengero kuyambire pa mafunso awo ndi pa luso la manja awo, mpaka kujambula ziwerengero pakhoma ndi penti anthu a m'dera akugwira nawo burashi. Kenako, mutu wotsatira pomwepo, a Lulu Pinney akufunsa ngati kuphunzitsa anthu kuwerenga magalafu ndiko kofunikadi m'dziko limene mphamvu pa ziwerengero zili m'manja mwa ochepa. Funsoli n'lolasa. Tikamati anthu wamba sadziwa kuwerenga tchati, katundu yense timamusenzetsa iwowo, n'kumasula mabungwe amene amatolera ziwerengero za anthuwo popanda kuwafunsa chimene iwo akudziwa kale za dera lawo. Kuika mitu iwiriyi moyandikana kunali kwanzeru, ndipo ndikanakonda kuti kukhale kotero m'magawo onse.

Ndikutero chifukwa apa ndi pamene pali chofooka choyamba. Buku lochokera mu mgwirizano wa anthu ambiri chotere limapatsa chiyembekezo chakuti mumva akatswiri akutsutsana, wina akukonza mnzake. M'malo mwake mitu yambiri yaima payokhapayokha, ndipo ingapo ikuyamba ndi kutsimikiziranso mfundo yomwe ija, yakuti chithunzi sichikhala chopanda mbali. Mfundoyo ndi yoona, koma pofika pakati pa buku wowerenga amakhala atavomera kalekale ndipo akufuna kumva zotsatira zake. Mitu ndi yaifupi, zimene zimathandiza wowerenga wotanganidwa, koma ina imatha pamene nkhani yayamba kukoma. Mutu wa a Kennedy, a Wibke Weber ndi a Engebretsen, wochokera pa kucheza ndi ogwira ntchito m'nyumba zofalitsa nkhani za m'mayiko 6 a ku Ulaya, ndi chitsanzo: mawu a anthu opanga matchati tsiku ndi tsiku, nthawi ikuwathamangitsa, akanayenera kupatsidwa malo okulirapo.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Gawo lachinayi, lokamba za matanthauzo a zizindikiro ndi kukongola kwa zithunzi, lili ndi mfundo zabwino. A Verena Lechner alemba mutu wonse pa nkhani ya mzere wolumikiza zinthu ziwiri ndi zimene mzerewo ungatanthauze, ndipo a Sara Brinch akufufuza chimene anthu amatanthauza akamati tchati ndi yokongola. Koma mitu ina m'gawoli, monga wa a Tuomo Hiippala, yalembedwera akatswiri anzawo, ndipo mtolankhani kapena mphunzitsi amene sanazolowere mawu a m'munda umenewo adzayenda movutika. Si mlandu kuti katswiri alembere anzake. Kungoti buku limene likudandaula kuti anthu wamba amatsekeredwa kunja kwa nkhani za ziwerengero likanayesetsa kutsegula chitseko chake mokulirapo.

Chachitatu ndicho chachikulu, ndipo ndichinena mwaulemu koma mosabisa. Mutu wa bukuli ukulonjeza kukamba za zithunzi za ziwerengero pakati pa anthu, koma anthu amene akuoneka kwambiri m'masamba ake ndi a kumpoto kwa Ulaya ndi ku America: ali ndi foni yamakono, intaneti yosadukaduka, ndi nyuzipepala yokhala ndi gulu lake la ojambula. Kuchokera ku Africa kwamveka a Arlene Archer ndi a Travis Noakes, amene akulemba za ophunzira a ku University of Cape Town ndi mmene amamangira mfundo pogwiritsa ntchito zithunzi za ziwerengero za madera a mumzinda wawo. Mutuwo ndi wabwino, koma nawonso uli m'kalasi ya pa yunivesite. Mgwirizano umene unabala bukuli unatsata kumene kuli ndalama za kafukufuku ndi kumene akonzi ali ndi anzawo, ndipo zimenezi n'zomveka. Chodandaulitsa n'chakuti malire amenewa akhudza mafunso enieniwo amene afunsidwa.

Taganizirani galafu imene mwina ndiyo yowerengedwa ndi anthu ambiri kuno kwathu. Siili pa kompyuta. Ili m'kabuku ka mwana ka kusikelo. Mwezi ndi mwezi mwana amaikidwa pa sikelo, wazaumoyo amaika kadontho, ndipo madonthowo amapanga mzere umene mayi amauyang'ana kuti adziwe ngati mwana akukula bwino. Tchati yotere inatchuka kudzera mu ntchito ya dokotala David Morley, amene anagwira ntchito ku Imesi-Ile, ku Nigeria, ndipo inafalikira m'mayiko ambiri. Palinso tepi yoyezera mkono wa mwana, ya mitundu itatu, yofiira, yachikasu ndi yobiriwira, imene imasandutsa nambala kukhala mtundu kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga amve uthenga wake. Mafunso onse a bukuli ali pamenepa. Kodi mayi amamva chiyani mzere ukagona kapena ukatsika? Amaukhulupirira kuposa maso ake? Ndani ali ndi mphamvu pa kabukuko, iye kapena wolembamo? Amachita manyazi pamaso pa amayi anzake mzere ukapanda kukwera, mpaka kujomba mwezi wotsatira? A Pinney akanapeza zambiri zoti anene atakhala m'mawa umodzi pansi pa mtengo pamene pakuchitikira sikelo. Chimodzimodzinso tchati imene imayenda pa WhatsApp itadulidwa mutu ndi gwero lake, kapena ziwerengero zimene muulutsi wa pa wailesi amayenera kuzisandutsa mawu chifukwa omvera ake sadzaona chithunzi chilichonse. Zoterezi zikanasintha mfundo zina za m'bukuli, osati kungowonjezera zitsanzo.

Ndiyenera kuvomereza kuti zida zofunsira mafunso amenewa ndazitenga m'buku lomweli, ndipo umenewu ndi umboni wa mphamvu yake. A Torgeir Uberg Nærland, m'gawo loyamba, akulongosola njira zinayi zimene chithunzi cha ziwerengero chimakhudzira ndale: pa kukambirana kwa anthu, pa kufalitsa kaganizidwe kena, pa mmene munthu amadzionera ngati nzika, ndi pa kayendetsedwe ka boma. Njirazi zikhoza kugwira ntchito pounika mapu a zotsatira za chisankho m'dziko lililonse, kumene kupaka chigawo chonse mtundu wa chipani chimodzi kumabisa anthu zikwizikwi a m'chigawocho amene anavotera ena, n'kulimbikitsa maganizo akuti anthu a dera limodzi amaganiza chimodzi. Amene anaonapo mapu otere pa nthawi ya zisankho za ku Malawi kapena ku Zambia akudziwa kulemera kwa nkhaniyi.

Bukuli ndi loyenera akonzi a nkhani, aphunzitsi a utolankhani ndi a masamu, ogwira ntchito m'maofesi a ziwerengero, ndi aliyense amene amalemba malipoti odzaza ndi matchati m'mabungwe. Silofunika kuliwerenga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Woyamba kumene ayambe ndi mutu wotsegulira wa akonzi, apite pa mutu wa mapu wa a Ricker ndi anzawo, kenako awerenge wa a D'Ignazio ndi a Bhargava pamodzi ndi wa a Pinney pa nthawi imodzi. Mphunzitsi amene akufuna chokambirana m'kalasi aonetse ophunzira filimu ya Halloran, yomwe ndi ya mphindi pafupifupi 18, asanawapatse mutu wa a Gray. Mitu yolimba ya gawo lachinayi ikhoza kudikira ulendo wachiwiri.